Mwana wa autism akagona kuti? Zofunika kufunsa banja lisananyamuke ulendo wa tchuthi

Sukulu zikatsekera mu Disembala, msewu wa M1 umadzaza. Maminibasi otsetsereka mapiri a ku Thabwa amabwera ndi ana a m'tauni odzadya Khrisimasi kwa agogo ku Ngabu, ku Tengani ndi ku Marka, ndipo pobwerera amanyamula a kuno okaona abale ku Ndirande kapena ku Bangwe. Mabanja amene ali ndi kangachepe, monga aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito ku kampani ya shuga ku Nchalo, ena amasunga ndalama ya usiku umodzi kapena uwiri ku loji kuti ana akaoneko njovu ku Majete kapena nyala ku Lengwe.

Koma alipo mabanja amene chaka ndi chaka sanyamuka, ngakhale ndalama ya ulendo ilipo. Chowaletsa ndi mwana mmodzi amene akafika malo achilendo sagona, sadya, amakuwa mpaka anthu kutuluka m'nyumba kudzaonerera. Kwina banja limagawikana: bambo ndi ana ena amapita, mayi n'kutsala pakhomo ndi mwanayo, chaka chino, chaka chamawa, mpaka abale kuiwala nkhope yake. Ambiri mwa ana oterewa ali ndi vuto limene achipatala amalitcha autism.

Autism si matenda ogwira munthu ngati malungo ayi. Ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo zizindikiro zimayamba kuoneka akadali wamng'ono. Ena amachedwa kuyankhula kapena sayankhula n'komwe. Mukawaitana dzina satembenuka, chonsecho makutu ali bwinobwino. Ena amakupiza manja, amazungulira malo amodzi, kapena amatha ola lathunthu akundandalika zitsekerero za mabotolo, ndipo wina akasuntha chimodzi imakhala nkhondo. Alipo ena amene amayankhula bwino ndi kukhoza m'kalasi, koma phokoso, fungo kapena kusintha kwadzidzidzi kumawapweteka m'njira imene ife sitiimva. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi autism. Sukulu ya pulayimale ya ana 1,000 kwathu kuno si yachilendo, werengani nokha.

M'midzi mwathu mwana wotere amapatsidwa maina ambiri. Ena amati ndi wamwano, makolo anamulekerera. Ena amati analodzedwa. Choipitsitsa ndi chakuti banja likamapezako bwino, anthu amanong'ona kuti makolo anakhwimira mwanayo kuti bizinesi iyende. Zonsezi n'zabodza, ndiponso katemera sayambitsa autism. Koma mabodza amenewa ali ndi mphamvu yotsekera banja pakhomo kuposa kusowa kwa ndalama.

Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America, makolo ambiri a ana oterewa akafuna kupita ku tchuthi amapewa hotela, m'malo mwake amachita lendi nyumba yonse yapayokha imene amaitcha villa: khitchini yawoyawo, mpanda, geti yotseka, popanda alendo ena odutsa pakhonde. Kuno zofanana nazo ndi makoteji a kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima kapena pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo ndi ochepa a ife amene angakwanitse. Kwa banja la m'Chigwa cha Shire, kusankha kuli pakati pa loji, resitihausi ya pa tauni, chipinda cha alendo pa parishi ndi nyumba ya m'bale. Komabe funso limene kholo la ku London limadzifunsa ndi lomwelo limene mayi wa ku Bangula ayenera kudzifunsa: mwana uyu akadzuka 3 koloko usiku, tonse tili m'tulo, n'kutsegula chitseko, akafika kuti?

Madzi ndi chitseko

Ana ambiri a autism amachoka mwakachetechete. Sathawa chifukwa chokwiya nthawi zonse. Mwina aona chinthu chimene chawakopa, kapena akufuna kutalikira phokoso. Kafukufuku wina wa ku America, amene anasindikizidwa mu 2012 atafunsa mabanja oposa 1,200, anapeza kuti pafupifupi theka la anawo anayesapo kuchoka chotere atapitirira zaka zinayi. Ndipo ambiri amakopeka ndi madzi, kunyezimira kwake ndi kuyenda kwake, osadziwa kuti ndi oopsa. Kumira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri ana a autism amene asowa.

Tsono taganizirani za dera lathu. Mtsinje wa Shire uli ndi ng'ona ndi mvuu. Minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Kasinthula ili ndi ngalande zamthirira, ndipo ngalande yaikulu yatsopano yochokera ku Kapichira yadutsa kufupi ndi midzi. Mtsinje wa Mwanza umakhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri, koma mvula ikagwa kumtunda madzi amafika kuno dzuwa likuwala. Disembala ndi Januwale maenje oumbamo njerwa amadzaza, ndipo alipo makomo amene chitsime chake chimangovindikiridwa ndi lata lakutha. Pakhomo panu mukudziwa pali chiyani ndipo mwana munamuzolowera njira zake. Kuchilendo simudziwa.

N'chifukwa chake malo amene amaoneka okongola kwambiri pa chithunzi, khonde loyang'ana mumtsinje, dziwe losambira pakati pa bwalo, ndi amene muyenera kuwafunsa mafunso ambiri. Kuchokera pakhomo la chipinda kufika pamadzi pali mapazi angati? Dziwelo lili ndi mpanda? Geti amatseka nthawi yanji, ndipo mlonda amakhala pati? Safunsa anadya phula. Woyankha foni akanena kuti musadandaule, ana amabwera ambiri kuno, dziwani kuti sanamve funso lanu. Mupempheni akutumizireni zithunzi pa WhatsApp, osati za bedi ndi maluwa, koma za chitseko, mawindo ndi kuseri kwa nyumba.

Chitseko chabwino ndi chimene chili ndi loko wochotsa kiyi kapena mpiringidzo wapamwamba pamene mwana safikira. Kiyi akhale pamalo amodzi amene akulu onse akuwadziwa, chifukwa moto ukabuka simufuna kuyamba kufufuza mumdima. Ngati chitseko n'cha kampiringidzo ka m'munsi, monga zilili nyumba zambiri za kumudzi, yalani mphasa ya munthu wamkulu mopingasa pakhomopo, kapena mangirirani chitini chokhala ndi timiyala kuti chilire chitseko chikasuntha. Kumangirira mwana ndi chingwe kapena kumutsekera yekha m'nyumba ndi nkhanza, ndipo kumangowonjezera mantha amene amamuthawitsawo.

Masana ngozi yake ndi ina. Pa chikondwerero pamakhala akulu khumi, ndipo aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuona mwana. Ana ambiri amasowa pakati pa chigulu chotere. Gawanani nthawi momveka, kutchula dzina: kuyambira pano mpaka chakudya chipse ali m'manja mwa malume. M'mawa uliwonse mjambuleni pa foni ndi zovala za tsikulo, ndipo lembani nambala yanu pa kansalu kosokerera ku malaya ake, pakuti mwana wosayankhula sangauze munthu kwawo. Akasowa, musayambe ndi kumsika kapena kwa aneba. Wina athamangire kumadzi apafupi nthawi yomweyo, ena azifufuza kwina.

Za ku Majete ndi ku Lengwe zikufunika mawu akeake. Kuyambira 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kusamala nkhalango ya Majete mogwirizana ndi boma, nyama zimene zinatha zinabwezeretsedwa: zipembere, njovu, ndipo mu 2012 mikango. Ndi chinthu chonyaditsa, ndipo mwana wa ku Chikwawa ayenera kuziona ndi maso ake, osangomva kwa alendo. Ana ambiri a autism amakonda nyama kwambiri. Koma mpanda wamagetsi umene unazungulira Majete ndi woteteza midzi. Wolowa m'kati ali mbali imodzi ndi mkango. Malo ena ogona m'nkhalango zotere alibe mpanda, zipinda zina ndi matenti otseka ndi zipi, ndipo ena salandira ana aang'ono. Kwa mwana amene amadzuka usiku, ine ndinganene mosabisa kuti tenti ya zipi si malo ake. Ulendo wa tsiku limodzi, kulowa m'mawa kukadali kozizira n'kubwerako masana, mwana n'kugona pa mphasa yake, ungapatse banja chisangalalo chomwecho pa mtengo wochepa, makamaka poti Amalawi amalipira ndalama yolowera yotsika kuposa alendo akunja.

Phokoso, kutentha ndi nsima ya agogo

Maresitihausi ambiri a m'matauni a m'mbali mwa msewu ali pa mpanda umodzi ndi malo omwera mowa. Masana mukapita kukaona chipinda mumapeza bata, wina akukolopa. Usiku wa Khrisimasi zoimbira zimagunda mpaka tambala woyamba. Kwa ife ndi kusowa tulo chabe, koma kwa mwana amene makutu ake amamva chilichonse mopitirira muyeso ndi ululu weniweni, ndipo mudzamuona akutseka makutu, kudzimenya kapena kuluma dzanja lake. Njira yapafupi yodziwira zoona ndi kuimba foni cha m'ma 9 koloko usiku Loweruka ndi kumvetsera zimene zikumveka kumbuyo kwa woyankhayo. Funsaninso kuti jenereta ili mbali iti, chifukwa magetsi akazima imalira pansi pa windo la wina wake. Pemphani chipinda chakumapeto.

Pa nkhani ya bata, zipinda za alendo za pa maparishi ndi kwa asisiteri, kumene zilipo, nthawi zambiri zimaposa malo olipira ndalama zambiri: mpanda ulipo, mowa palibe, anthu amagona msanga. Kungoti belu la m'mawa ndi kwaya yokonzekera Misa ya usiku ndi phokoso nalonso. Pa Misa yeniyeniyo, ng'oma ndi nthungululu zikachuluka, khalani pafupi ndi khomo kuti muthe kutuluka ndi kubwerera popanda kupempha njira. Akhristu amene akhala nanu pafupi sayenera kukuyang'anani ngati mwalakwa.

Kutentha kwa kuno sitichita kuuzana. Ku Ngabu kumapitirira madigiri 40 mvula isanayambe. Mwana wobwera kuchokera ku Blantyre amakumva kwambiri, ndipo wosayankhula sanena kuti ali ndi ludzu. Mupatseni madzi musanamuone akufooka. Fani ena amaikonda, kulira kwake kumawagoneka; ena sapirira nayo. Inu makolo ndinu mukudziwa. Chimene sitinganyengerere ndi neti. Udzudzu wa m'Chigwa suona kuti uyu ndi mlendo, ndipo mwana amene sangakuuzeni kuti mutu ukupweteka amapezeka ndi malungo atakula kale. Ngati amakana neti yachilendo chifukwa cha fungo kapena kukhakhala kwake, nyamulani ya kunyumba imene anaizolowera, pamodzi ndi chingwe chomangira. Thupi likatentha, kapena akangosintha khalidwe mosadziwika bwino, kayezetseni tsiku lomwelo.

Apa ndiye pofunika kudziwiratu chipatala chapafupi ndi kumene mukupita: cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, St Montfort ku Nchalo, cha ku Ngabu, Kalemba ku Bangula, kapena Trinity ku Muona kwa opita kutsidya la kum'mawa. Opita kutsidyako akumbukire kuti nyengo ya mvula msewu wochokera ku Thabwa kudzera ku Masenjere umatha kuduka, ndipo kuoloka pa bwato ndi mwana wokonda madzi ndi nkhani yofunika akulu awiri. Ana ena a autism amadwalanso khunyu. Ngati wanu amamwa mankhwala ake, tengani a masiku oposa amene mukuganiza kukakhala, chifukwa kudukiza mankhwalawa kumadzutsa matenda. Kabuku ka kuchipatala kasatsale.

Chakudya ndicho chimayambanitsa abale. Mwana amene anazolowera nsima ya ufa woyera akafika kwa agogo ku Nsanje n'kupeza ya mapira kapena ya mchewere, saona nsima. Amaona chinthu china chofiira, cha fungo lina. Agogo amadandaula kuti mdzukulu akunyoza chakudya chawo, azakhali amati musiyeni njala imuphunzitsa. Njala siphunzitsa mwana wa autism. Ena amatha masiku osalawa kanthu. Nyamulani ufa wake, mbale yake ndi kapu yake, ndipo ku loji funsani ngati amalola kubwera ndi chakudya kapena kuphika nokha. Tchuthi si nthawi yomuphunzitsa zakudya zatsopano. Chimbudzinso chimodzimodzi: wozolowera chamadzi amaopa dzenje, wozolowera dzenje amaopa mkokomo wa madzi. Kapoti kapena kandowa kake kangapulumutse ulendo wonse.

Mwanayo naye auzidwe. Ngakhale sayankhula, amamva zambiri kuposa mmene timaganizira. Kutatsala masiku angapo muonetseni zithunzi za nyumbayo ndi za anthu amene akawapeze, tsiku lililonse, ndi mawu omwewo. Ena amaika timiyala titatu m'chitini, kuchotsa kamodzi m'mawa uliwonse, kuti mwana aone ndi maso kuti kakatha kotsiriza tibwerera kwathu. Ulendo woyamba ukhale waufupi, usiku umodzi, malo apafupi oti zikavuta mutha kubwerako.

Eni nyumba

Nyumba ingakhale ndi mpanda wautali bwanji, ngati eni ake sakumufuna mwanayo, si malo abwino. Uzani abale musanafike, ndipo auzeni zinthu zogwirika osati dzina la vutolo lokha: sapereka moni wa m'manja koma si mwano, musamunyamule modzidzimutsa, akayamba kukuwa musamuzungulire, musamukalipire, tisiyeni tipite naye kuseri. Pemphani kachipinda kapena mthunzi wa mtengo umene udzakhale pothawira pake. Kwathu mlendo amalandiridwa ndi khamu, aliyense kufuna kumugwira mwana ndi kumufunsa dzina, ndipo chikondi chomwechi n'chimene chimamusokoneza. Kawirikawiri agogo akafotokozeredwa bwino ndi amene amasanduka mlonda wamkulu wa mdzukulu wawo, kuthamangitsa ana omuseka ndi kutseka pakamwa onong'ona.

Pakhoza kupezeka wachibale amene wakonza kale zopita naye kwa sing'anga kapena kwa mneneri woti akachotse ziwanda. Makolo agwirizane asananyamuke kuti yankho lawo ndi limodzi. Kutemera mphini, kumwetsa zitsamba zosadziwika ndi mapemphero okuwa usiku wonse sizichotsa autism, koma zimasiya mwana ndi mantha amene amatenga miyezi kuti athe. Wofuna thandizo lenileni ayambire kuchipatala chapafupi, kumene angathe kumutumiza kwa madokotala a ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM ndi aphunzitsi amene anaphunzira za ana ofunika chisamaliro chapadera ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi enanso oyenera kuwafunsa.

Ku loji nakonso nenani zoona pa foni. Makolo ena amabisa poopa kukanidwa, koma ndi bwino kukanidwa muli kwanu kusiyana ndi kuuzidwa pakati pa usiku kuti alendo ena akudandaula. Mmene mwini malo akuyankhirani ndi mayeso okwanira: amene akufunsa kuti tingakonze chiyani, pitani, amene wangoti zii, funani kwina. Eni malo ogona adziwenso kuti lamulo la anthu aulumali la 2012, ndi latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwake, limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Ndipo zimene banja lotere limapempha sizidula: chipinda chakumapeto, mpiringidzo wa pamwamba, mlonda wodziwa nkhope ya mwana.

Wina angafunse kuti, mavuto onsewa, bwanji osangokhala pakhomo? Chifukwa m'banjamo muli ana ena amene nawonso amafuna kukafotokozera anzawo za tchuthi sukulu ikatsegulira, ndipo akamamanidwa chaka ndi chaka amayamba kusungira m'bale wawo chakukhosi. Muli mayi amene sanagonepo tulo tathunthu kwa zaka. Ndipo mwanayo adzakula; tsiku lina adzayenera kugona kuchipatala, kumaliro kapena kwa mlongo wake, ndipo kuli bwino aphunzire kugona kuchilendo pang'onopang'ono makolo ake ali pambali.

Pamene palibe kusankha

M'Chigwa muno muli ulendo wina umene sitikonzekera ndi chisangalalo. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi Freddy, mabanja zikwizikwi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anathawira m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'misasa ngati ya ku Bangula. Zonse zimene tanena kuti mupewe zimapezeka pamodzi mumsasa: anthu makumimakumi m'kalasi imodzi, makanda akulira, chitseko chosatseka, chakudya cha mzere, ndi madzi mbali zonse. Kholo la mwana wa autism mumsasa siligona n'komwe, ndipo likapita kukaima pa mzere wa ufa palibe womusiyira.

Izi zikhoza kukonzedwa mvula isanafike pachimake. Miphakati imadziwa khomo lililonse. Ikhoza kulemba ana oterewa ndi kupereka maina kwa alangizi a zaumoyo, ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kwa a CADECOM, monga zimachitikira ndi okalamba ndi amayi oyembekezera. Sukulu kapena parishi imene imalandira anthu chaka chilichonse ikhoza kusankhiratu kachipinda kamodzi, ofesi yaing'ono kapena mosungira mabuku, kokhala ndi chitseko chotseka ndiponso kotalikira mtsinje, n'kugwirizana kuti banja lotere lizilandira chakudya popanda kuima pa mzere.

Pakhomo napo, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pakhale kachikwama kopachika pafupi ndi chitseko: kapu ya mwana, nsalu imene amagona nayo, kanthu kamene amakonda kugwira m'manja, neti, mankhwala a masabata awiri, ndi kabuku ka kuchipatala kokulungidwa m'pulasitiki. Ndi katundu yemweyo amene mungatenge popita kwa agogo pa Khrisimasi, ndipo mwana amene anayendapo nako kachikwamako ulendo wamtendere amakazindikira mukakanyamula usiku madzi akubwera.